Mpeni wa Dotolo ndi Mpando wa Sipikala

Pa ntchito zonse zimene munthu angaphunzire, ziwiri zimaoneka ngati sizingakhale m'manja mwa munthu mmodzi. Yoyamba ndi ya dotolo wa maopaleshoni. Iyeyu akamagwira ntchito yake, wodwala amakhala atagonekedwa tulo. Sangafunse kanthu, sangatsutse. Anamwino amamvera liwu limodzi lokha, pakuti kukangana pa nthawi imeneyo kukhoza kuphetsa munthu. Yachiwiri ndi ya Sipikala wa Nyumba ya Malamulo. Mpando wake ndi wautali kuposa ya aphungu onse, koma m'nyumba monsemo ndiye yekha amene saloledwa kunena maganizo ake pa nkhani imene ikukambidwa. Ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti ena alankhule, ngakhale amene iye sagwirizana nawo. Mwezi uno tiona moyo wa munthu amene adagwira ntchito ziwiri zonsezi, ndipo tiuika pambali pa moyo wa dotolo wina amene ife a kuno ku Vubwi, amene minda yathu imagundana ndi ya abale athu a ku Malawi, sitingathe kumuiwala.

Kuno ku Zambia, kuyambira pa ufulu m'chaka cha 1964 kufikira chisankho cha 2021, mpando wa Sipikala sudakhalidwepo ndi dotolo wa chipatala. Woyamba kusankhidwa adali a Wesley Nyirenda, mphunzitsi amene adali phungu wa Fort Jameson, kumene lero tikuti ku Chipata. Adakhalapo kuyambira 1964 mpaka 1968. Pambuyo pawo padabwera a Robinson Nabulyato, amene adakhala pampandowo kawiri, kuyambira 1969 mpaka 1988 ndiponso kuyambira 1991 mpaka 1998, ndipo pakati pakepo padali a Fwanyanga Mulikita. Kenaka padabwera a Amusaa Mwanamwambwa, ndi a Patrick Matibini amene adali woweruza milandu. M'chaka cha 2021 mayi Nelly Mutti, loya, adakhala mayi woyamba kusankhidwa pa udindowu. Tsono kuti timpeze dotolo amene adasiya mpeni nakakhala Sipikala, tiyenera kuoloka nyanja kufikira ku New Zealand, dziko la zilumba lomwe lili kum'mawa kwa Australia.

Dzina lawo adali a Gerard Wall. Adabadwa pa 24 Januwale 1920 mu mzinda wa Christchurch, naphunzira pa sukulu ya Akatolika ya St Bede's College asanapite ku yunivesite ya Otago kukaphunzira udotolo. Ntchito adayambira pa chipatala cha mu mzinda wa kwawo, kenaka adapita ku Denniston, mudzi wa okumba malasha womangidwa pamwamba pa phiri, malo a mvula ndi nkhungu. Amene makolo awo adagwirapo ntchito m'migodi ya ku Kitwe, ku Luanshya kapena ku Wankie akudziwa zimene dotolo wa pamalo otere amaona: mafupa othyoka, zala zophwanyika, chifuwa cha fumbi. Pambuyo pake adapita ku Britain kukazama maphunziro, nalandiridwa m'bungwe la madotolo a maopaleshoni la Royal College of Surgeons ku Edinburgh. Luso lawo lidali lokonza khungu ndi ziwalo zimene zapsa, zang'ambika kapena zabadwa zopunduka. M'chaka cha 1960 adabwerera kwawo nakhala mkulu wa chipatala cha Wairau m'tauni ya Blenheim, ndipo adachiyendetsa zaka zisanu ndi zinayi.

Mkulu aliyense wa chipatala amazindikira msanga kuti zambiri zimene zimapulumutsa wodwala sizili m'manja mwa dotolo. Ndalama zogulira mankhwala, malipiro a anamwino, mseu wofikira kuchipatala, zonsezi zimagamulidwa ndi anthu a m'makhonsolo ndi a ku Nyumba ya Malamulo. A Wall adayamba ndi kukhala khansala wa tauni ya Blenheim. M'chaka cha 1966 adaima pa chisankho cha aphungu koma adagwa. M'chaka cha 1969 adapambana m'dera la Porirua, kufupi ndi likulu la dzikolo la Wellington, ataimira chipani cha Labour, ndipo anthu a kumeneko adapitiriza kuwasankha kwa zaka 18.

Sadali phungu wongogwedeza mutu. Adali Mkatolika wokhazikika, ndipo pa nkhani za banja ndi za moyo wa mwana wosabadwa adali kutsutsana ndi ambiri a m'chipani chawo chomwe. M'chaka cha 1975, chipani chawo chili m'boma, adabweretsa m'Nyumba bilu yawoyawo yoletsa kuchotsa mimba m'zipatala zazing'ono za anthu wamba. Biluyo idavomerezedwa nikhala lamulo, koma itafika kukhoti zidapezeka kuti mau ena adalembedwa molakwika, ndipo lamulolo silidagwire ntchito imene adalipangira. Dotolo amene adazolowera kuti mpeni ukaphonya pang'ono wadula mtsempha, adaona kuti cholembera nachonso chimaphonya. Pa zaka zawo zonse za uphungu sadapatsidwepo unduna.

M'mwezi wa Meyi 1985 Sipikala, a Basil Arthur, adamwalira, ndipo aphungu adasankha a Wall kulowa m'malo mwawo. Apa ndipo munthu wa maganizo olimba adayenera kumanga pakamwa. Pa nthawiyo Nyumba idali kukambirana bilu yochotsa mlandu pa amuna akuluakulu ogonana okhaokha, nkhani imene idagawa dziko lonse pakati, ndipo aliyense adali kudziwa kuti a Wall sadali kumbali ya biluyo. Pa 9 Julaye 1986 idavomerezedwa ndi mavoti 49 kwa 44. Mwa malamulo a nthawiyo Sipikala adali kuvota pokhapokha mbali ziwiri zitafanana. Choncho munthu amene zaka zonse adali kulankhula molimba pa nkhani zotere adakhala pampando, napatsa danga otsutsa ndi ovomereza, ndipo zotsatira zidatuluka monga momwe aphungu adavotera. Sitikukamba pano za ubwino kapena kuipa kwa lamulolo. Tikukamba za munthu amene adali ndi mphamvu yoyendetsa mkangano, koma sadasandutse Nyumba kukhala yake.

Mpandowo sudali wofewa. A Robert Muldoon, amene adali nduna yaikulu ya dzikolo kuyambira 1975 mpaka 1984, adawadzudzula poyera m'manyuzipepala m'chaka cha 1986. Komabe a Muldoon sadamangidwe, sadathawe m'dziko, ndipo adakhalabe phungu kufikira 1991. A Wall adasiya uphungu ndi usipikala m'chaka cha 1987, nalandira ulemu wa Sir kuchokera kwa Mfumukazi Elizabeth. Adamwalira pa 22 Novembala 1992.

Tsopano tibwerere kufupi ndi kwathu. A Dr. Hastings Kamuzu Banda adabadwira kufupi ndi Kasungu cha m'ma 1898. Ali mnyamata adayenda pansi kupita ku Southern Rhodesia, kumene adagwirako ntchito pa chipatala cha ku Hartley, kenaka adakafika kumigodi ya ku Johannesburg. M'chaka cha 1925 adaoloka nyanja kupita ku America, ndipo m'chaka cha 1937 adatsiriza maphunziro a udotolo pa Meharry Medical College. Popeza mapepala a ku America sadali okwanira kugwirira ntchito m'maiko olamulidwa ndi Britain, adapita ku Edinburgh, mzinda womwewo kumene a Wall adadzafika pambuyo pake, nalandira mapepala awo m'chaka cha 1941. Adachiza anthu ku Liverpool, ku North Shields ndi ku London, ndipo adadziwika ngati dotolo wofatsa amene sadali kubweza amphawi osowa cholipira. Kuyambira 1953 adagwira ntchito ku Kumasi m'dziko la Ghana, kufikira pamene achinyamata a Nyasaland African Congress adawaitana. Adatera pa Chileka pa 6 Julaye 1958.

Zabwino zawo tisazibise. Adalimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chidali kutipanikiza ifenso, ndipo chifukwa cha nkhondoyo adatsekeredwa m'ndende ya ku Gwelo kuyambira pa 3 Malichi 1959 kufikira mu Epulo 1960. Chitaganyacho chidatha pa 31 Disembala 1963. Mu ulamuliro wawo Malawi adapeza yunivesite, miseu, likulu latsopano ku Lilongwe ndi chipatala chachikulu cha mu mzindawo.

Koma patangopita miyezi iwiri chilandirire ufulu, dotoloyu adasemphana ndi nduna zake. Zifukwa zidali zingapo: ubwenzi wawo ndi Apwitikizi ndi boma la South Africa, kuchedwa kupatsa anthu akuda maudindo m'boma, ndi chizolowezi chawo chotchula nduna kuti anyamata awo pamaso pa anthu. Chifukwa china chidali cha kuchipatala: boma lidakhazikitsa kuti wodwala aliyense azilipira tiki asanaonedwe, ndipo ndunazo zidati anthu a m'midzi sangakwanitse. Pa 7 Seputembala 1964 a Banda adachotsa a Kanyama Chiume, a Orton Chirwa, a Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo. A Yatuta Chisiza, a Willie Chokani ndi a Henry Chipembere adatula pansi maudindo awo pomvera chisoni anzawo. Nyumba ya Malamulo ku Zomba idakumana pa 8 ndi pa 9 Seputembala, ndipo idavomereza kuti ili pambuyo pa nduna yaikulu. Kuyambira pamenepo liwu lotsutsa lidayamba kuzimirira m'Nyumbamo. Ambiri adathawira kuno ku Zambia ndi ku Tanzania. M'chaka cha 1966 Malawi adakhala dziko la chipani chimodzi, ndipo m'chaka cha 1971 a Banda adakhala Pulezidenti wa moyo wonse.

Zotsatira zake zina zidachitikira pakhomo pathu penipeni. Pa 24 Disembala 1981 a Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera adagwidwa m'dera la malire a Chipata ndi Mchinji. A Orton adafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo a Vera adatulutsidwa mu Januwale 1993. M'mwezi wa Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, adaphedwa ku Mwanza, ndipo dziko lidauzidwa kuti idali ngozi ya galimoto. A Banda adazengedwa mlandu wa imfa zimenezi m'chaka cha 1995, koma khoti lidawapeza osalakwa. Chimene palibe angatsutse ndi chakuti aphungu adafa, ndipo Nyumba yawo sidathe kufunsa kuti afa bwanji.

Pamene Nyumba ya Malamulo idakhala chete, mau adatulukira kwina. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya Aepiskopi a ku Malawi idawerengedwa m'matchalitchi onse, ndipo idatchula poyera za malipiro ochepa, kuperewera kwa zipatala ndi masukulu, ndi mantha amene adatseka anthu pakamwa. Pa 14 Juni 1993 anthu oposa 60 pa 100 alionse adavotera zipani zambiri. Mu Okutobala chaka chomwecho dotolo uja adagona yekha pa tebulo la opaleshoni ku Johannesburg, madotolo anzake namng'amba m'mutu. Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 adagonja kwa a Bakili Muluzi, ndipo adavomereza kugonjako pa wailesi, chinthu chimene tiyenera kuwayamika nacho. Adamwalira pa 25 Novembala 1997. Chodabwitsa n'chakuti dziko lolamulidwa ndi dotolo lidadikira zaka 27, kufikira 1991, kuti litsegule sukulu yakeyake ya madotolo, pamene yunivesite ya Zambia idatulutsa madotolo ake oyamba m'chaka cha 1973.

Tisafulumire kudzitama, pakuti nafenso tidakhala m'chipani chimodzi kuyambira 1973 mpaka 1991. Ndiponso sitikunena kuti mmodzi wa madotolo awiriwa adabadwa wabwino, wina woipa. Onse awiri adali anthu a mapemphero, olimbikira ntchito, osagwedezeka pa zimene adakhulupirira. Kusiyana kwawo kudali pa mpando umene aliyense adakhalapo. Wa a Wall udali ndi malire olembedwa, ndipo padali anthu otha kuwakumbutsa malirewo. Wa a Banda udachotsedwa malire onse, ndipo owakumbutsa adathera kundende, kuchilendo kapena kumanda.

Zilipo zizolowezi za dotolo wa maopaleshoni zimene tikadakonda mtsogoleri aliyense akadakhala nazo. Amasamba m'manja asanakhudze munthu. Safunsa mtundu kapena chipani cha wodwala. Asanasoke bala amawerenga zipangizo zake zonse, kuopa kuti china chatsalira m'mimba. Koma chilipo chizolowezi chimodzi chimene chiyenera kutsala m'chipinda cha opaleshoni, ndicho kugwira ntchito pa munthu wogona tulo. Dziko si wodwala wokomoka. Ndipo ngakhale kuchipatala komweko, dotolo sang'amba munthu asanamufotokozere ndi kulandira chilolezo, wodwalayo kapena mbale wake atasaina kapena kudinda chala. Makolo athu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Dotolo akhoza kudziwa dzina la nthenda, koma pamene pakuwawa akudziwa ndi mwini thupi.

Nzeru imeneyi si yochokera kwa Azungu. Pabwalo la milandu la kwathu mfumu siyamba kulankhula. Amayamba ndi wodandaula, kenaka wodandauliridwa, mboni, ankhoswe ndi nduna, mfumu ili chete. Ikatsegula pakamwa ndiye kuti mlandu wapsa. Mfumu imene imadula anthu mau imatsala ndi bwalo lopanda anthu, milandu n'kumakambidwa kumowa ndi kuchitsime. Malamulo a dziko lathu, monga adakonzedwera m'chaka cha 2016, adatsata njira yomweyo. Adati Sipikala asankhidwe ndi aphungu mwa voti yachinsinsi kuchokera mwa anthu amene si aphungu, ndipo asakhale ndi voti. Mbali ziwiri zikafanana, nkhaniyo yagwa.

Latsala funso limene limatikhudza kwambiri ife a m'maboma a Vubwi, Sinda ndi Katete. Dotolo akasiya chipatala napita ku ndale, dziko lapindula kapena laluza? Tikayang'ana ku Katete timakumbukira dotolo amene sadachoke. Chipatala cha St Francis chidayambitsidwa ndi mpingo wa Anglican m'chaka cha 1948, ndipo pambuyo pake Akatolika adalowa nawo m'kayendetsedwe kake. A James Cairns, dotolo wa maopaleshoni, adafika pamenepo m'chaka cha 1958 ndipo adatumikira kufikira 1996. Sadakhale phungu kapena nduna, koma m'midzi yathu muli agogo amene akuyenda lero, ndi anthu akuluakulu amene adabadwa amoyo, chifukwa cha manja a pa chipatala chimenecho.

Anthu otere ndi osowa. M'chaka cha 2015 akatswiri osonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet adapeza kuti anthu 5 biliyoni pa dziko lonse sangapeze opaleshoni yabwino, pa nthawi yake, pa mtengo umene angakwanitse. Adati dziko lililonse lifunika madotolo 20 a maopaleshoni, ogoneka tulo ndi a uchembere pa anthu 100,000 alionse. Tikaganizira zimenezi, dotolo mmodzi wochoka m'chipatala ndi bala lalikulu. Komanso m'chaka chomwecho cha 2015, pa msonkhano waukulu wa zaumoyo ku Geneva, dziko la Zambia ndilo lidatsogolera chigamulo chakuti opaleshoni iwerengedwe pakati pa chithandizo chofunika kwa munthu aliyense, ndipo amene adagwira ntchito yaikulu pamenepo adali a Emmanuel Makasa, dotolo wa maopaleshoni a mafupa amene adali kuimira dziko lathu kumeneko. M'chaka cha 2017 Zambia idakhazikitsa ndondomeko yake ya zaka zisanu ya maopaleshoni. Choncho dotolo wokhala pa tebulo la zokambirana akhoza kupulumutsa anthu amene sadzawaona ndi maso.

Mayi amene mwana wapingasa m'mimba usiku wa dzinja m'mudzi wa kutali ndi boma amafuna onse awiri. Amafuna dotolo wodikira ku Chipata, ku Mwami kapena ku Katete. Amafunanso mlatho wosakokoloka, ambulansi yokhala ndi mafuta, magazi m'nkhokwe ya chipatala ndi magetsi osazima. Zinayi zotsirizazi sizichokera m'chikwama cha dotolo. Zimachokera ku Nyumba ya Malamulo, kukhonsolo ndi kumakomiti athu. Boma la Vubwi lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2012 kuchokera ku Chadiza, chaka chomwecho ndi la Sinda, kuti zigamulo ziyandikire anthu. M'chaka cha 2022 thumba la chitukuko cha m'dera la phungu lidakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni. Ndalama zochuluka chonchi zimadutsa m'misonkhano ya m'mawodi, ndipo msonkhano uliwonse uli ndi wapampando wake.

Apa ndipo nkhani ya Sipikala wa ku New Zealand ikutipeza. Ochepa mwa ife adzakhala pa mpando wa ku Lusaka, koma ambiri ndife apampando a komiti ya sukulu, a kopaletivu ya fetereza, a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, a gulu la amayi losunga ndalama, kapena a msonkhano wa banja wogawa katundu wa malemu. Kawirikawiri timasankha munthu wophunzira kuposa onse, mphunzitsi wopuma kapena wachipatala, ndipo timachita bwino. Koma wophunzirayo amayesedwa pa chinthu chimodzi: amafika kumsonkhano atagamula kale, ife n'kungoitanidwa kudzaomba m'manja. Mayi wamasiye akakweza dzanja amauzidwa kuti nthawi yatha. Mnyamata akafunsa za ndalama amatchedwa wamwano. Mapeto ake chipinda cha amayi oyembekezera chimamangidwa pamalo pamene ngolo siifikapo mvula ikagwa, pamene amayi a m'mudzimo adali kudziwa zimenezo kuyambira pachiyambi. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale mutuwo utadzaza mabuku.

Tsono posankha wapampando, phungu kapena khansala, tisafunse za mapepala ake okha. Tifunsenso kuti munthuyu akatsutsidwa amatani. Kodi amapatsa danga amene akudziwa kuti samuvomereza? Kodi nkhani ikakhudza iye mwini kapena mbale wake, amachoka pampando kuti wina ayendetse? Kodi akagonja pa voti amalengeza zotsatira monga zilili? Kodi nthawi yake ikatha amapereka mabuku ndi makiyi popanda kukokana? Ndipo ife amene tili kale pamipando, pamsonkhano wa mwezi uno tiyese kuchita monga ichitira mfumu pabwalo: tiyambe taitana amene sakonda kulankhula, timve amene akutitsutsa mpaka atsirize, ndipo maganizo athu tiwanene pamapeto.